Tambala wajompha mwana kumaso: kodi angawongoke, nanga wofatsa tingamusankhe bwanji?

Funso: Ndimakhala pa puloti ina ku Eikenhof, kumwera kwa Johannesburg, komwe bambo a kunyumba amagwira ntchito yosamalira malo. Tili ndi nkhuku zazikazi 6 ndi tambala mmodzi amene tinamugula ali ndi miyezi itatu. Anali wofatsa moti ana ankamunyamula ndi kumudyetsa m'manja, koma tsopano ali ndi miyezi 8 ndipo wasinthiratu. Sabata yatha anadumphira mwana wathu wazaka ziwiri n'kumujompha pansi pa diso. Bambo akuti akangokwapulidwa kangapo asiya. Kodi n'zotheka kumuwongola? Ngati n'zosatheka, ndi mtundu uti wofatsa umene tingagule? Tili ndi mwana winanso wazaka zisanu. Ndine Mayi Naphiri.

Yankho: Mayi Naphiri, pepani kwambiri ndi zimene zamuonekera mwanayo, ndipo mwachita bwino kufunsa msanga zinthu zisanafike poipa. Yankho langa ndiliika poyera pachiyambi pomwe kuti inu ndi bambo a kunyumba musavutike kulifunafuna: tambala amene wadumphira kumaso kwa mwana wazaka ziwiri sayenera kupatsidwanso mpata wina. Mutsekereni lero lomwe m'khola loti sangatulukemo, ndipo pasanathe masiku ambiri achoke pakhomopo. Zifukwa zake ndizifotokoza, koma tiyambe taona za mwanayo.

Bala la tambala limaoneka laling'ono pamwamba, koma mlomo wake ndi chisonga chija chimene chimamera kumbuyo kwa mwendo zimaboola mozama, ndipo zimalowa ndi dothi ndi zitosi zomwe. Bala lotere limafunika kutsukidwa ndi sopo pamadzi oyenda kwa mphindi zingapo, osati kungopakidwa mafuta kapena kuthiridwa phulusa. Popeza papita kale sabata, yang'anitsitsani ngati pamalopo patupa, pafiira, pakutentha kapena pakutuluka mafinya, ndipo mukaona chimodzi mwa zimenezi, kapena mwana akatentha thupi, pitani naye kukiliniki osadikira mawa. Mutenge kabuku kake ka Road to Health kuti anamwino aone ngati katemera wa kafumbata anamulandira yense. Kuno ku South Africa katemerayu amaperekedwa mwana ali ndi masabata 6, 10 ndi 14, kenaka pa miyezi 18, ndipo mwana amene makolo ake akhala akusamukasamuka amatha kuphonya wa miyezi 18 uja popanda wina kuzindikira. Ngati diso lenilenilo lafiira, likutuluka misozi kosalekeza, kapena mwana akukana kulitsegula pakuwala, nkhaniyo ndi ya dokotala wa maso tsiku lomwelo, ndipo kukiliniki angakutumizeni ku St John Eye Hospital, chipatala cha maso chimene chili pa Chris Hani Baragwanath ku Soweto. Za chiwewe musade nkhawa, chifukwa nkhuku sizifalitsa matenda amenewo.

Tikabwera kwa tambalayo, dziwani kuti sanapenge, ndiponso amene anakugulitsani mwina sanakunamizeni. Tambala wa miyezi itatu akadali mwana, ndipo khalidwe lake lenileni limakhala lisanatulukire. Pakati pa miyezi 4 ndi 6 amayamba kukhwima: lipombo limakula ndi kufiira, amayamba kulira, ndipo m'thupi mwake mumachuluka mahomoni achimuna otchedwa testosterone, amene amamupatsa mtima wokwera zazikazi, wozitchinjiriza ndiponso wolimbana ndi aliyense amene akumuona ngati wopikisana naye. Kuyambira pamenepo mpaka atapitirira chaka ndiyo nyengo imene ukali umakula kwambiri, ndipo wanuyo pa miyezi 8 ali pakatikati pa nyengo imeneyo. Kuno ku Gauteng kulinso china chowonjezera. Usana wa mu June ndi wa maola pafupifupi 10 ndi theka, koma pofika December umayandikira maola 14, ndipo kutalika kwa usana kumadzutsa mahomoni obereketsa m'thupi la nkhuku. N'chifukwa chake atambala ambiri amalusa kwambiri kuyambira mu September, dzuwa likayamba kuchedwa kulowa ndipo kunja kukayamba kufunda.

Mwanena kuti ana ankamunyamula ndi kumudyetsa m'manja. Zimenezi zimaoneka zokoma ndipo palibe kholo limene lingaziletse, koma alimi a nkhuku ambiri aona, ndipo inenso pantchito yanga yaulangizi wa ziweto ndikugwirizana nawo, kuti atambala oleredwa m'manja ndi amene kawirikawiri amadzaukira anthu akakula. Nkhuku yokulira pabwalo lalikulu imakhala ndi kamantha koopa munthu, ndipo kamantha kameneko ndi kamene kamateteza ana athu. Tambala wokulira pamiyendo pa ana amataya mantha amenewo, n'kuyamba kuona anthu ngati nkhuku zinzake zoti angazipose kapena kuposedwa nazo. Nkhuku zimakhala ndi ndondomeko ya ukulu imene katswiri wa ku Norway, Thorleif Schjelderup-Ebbe, anaifotokoza m'zaka za m'ma 1920: yaikulu imajompha yotsatira, yotsatirayo imajompha ina, mpaka yomaliza imene ilibe woti imujomphe. Mu 2015 akatswiri a ku Nagoya University ku Japan anapeza kuti ngakhale kulira kwa m'bandakucha kumatsata ndondomeko yomweyi, pakuti tambala wamkulu ndiye amayamba ndipo enawo amadikira. Tambala wanu wayeza anthu a pakhomopo mmodzimmodzi. Waona kuti bambo sangawathe, inu mwina amakuopaniko pang'ono, koma wamng'ono uja wamuika pansi pake.

Mwana wazaka ziwiri ali ndi zonse zimene zimaputa tambala. Msinkhu wake sufika ndi mita imodzi yomwe, kotero kuti tambala akadumpha, miyendo ndi mlomo zimafika pankhope. Amathamanga modzidzimutsa, amakuwa ndi mawu okwera, amapirikitsa mathadzi mpaka alire, ndipo thadzi likalira mwamantha tambala amabwera chothamanga chifukwa ndiyo ntchito imene anabadwira. Akaopsezedwa, mwana amatembenuka n'kuthawa kapena kugwa pansi, ndipo kwa tambala kuthawako ndi umboni woti wapambana, moti mawa lake amabwerezanso molimba mtima. Mwina mukudabwa kuti bwanji kwathu ana amakula ndi atambala popanda zovuta zambiri. Kumudzi nkhuku zikatsegulidwa m'mawa zimabalalika kudambo, kumunda ndi kuseri kwa nkhokwe, ndipo tambala akasowa mtendere amangosuntha ndi akazi ake. Kuno timakhala m'mabwalo ang'onoang'ono ozunguliridwa ndi makoma, ndipo ngakhale pa puloti, wantchito nthawi zambiri amapatsidwa kangodya kamodzi komwe kuli chipinda, mpopi, chingwe choyanikapo zovala, khola ndi posewerera ana, zonse pamodzi. Tambala alibe kosunthira, ndipo malo onsewo amawayesa ake oti awalondere.

Kuukira sikubwera mwadzidzidzi monga momwe timaganizira. Tambala amayamba ndi kuyandikira munthu cham'mbali, phiko limodzi atalitsitsa mpaka kukhudza pansi, akupondaponda monga amachitira popalasira msoti, ndipo akachitira munthu zimenezi kumakhala kuopseza. Nthawi zina amanamizira kutola tinthu pansi, kaya kamtengo kaya kamwala, kwinaku akusendera pang'onopang'ono diso limodzi lili pa inu. Nthenga za m'khosi zimaima, mutu umatsika, ndipo mukangomufulatira amathamangira kumiyendo. Mukamufunsa modekha mwana wanu wazaka zisanu uja, n'kutheka kuti akuuzani zoti tambalayo wakhala akumulondola kwa nthawi ndithu.

Maganizo a bambo a kunyumba ndiwayankha mwaulemu wonse, chifukwa ndi amene ambirife tinakula nawo. Kukwapula tambala kumamuphunzitsa chinthu chimodzi chokha, chomwe ndi kuopa munthu amene wamukwapulayo. Bambo akakhala pabwalo tambala adzaima patali ndipo aliyense adzaganiza kuti vuto latha, koma akangopita kuntchito mwana adzatsala pangozi yomwe ija, mwinanso yoposerapo, chifukwa kwa tambala kumenyedwa ndi ndewu, ndipo amakhala watsimikiza kuti anthu ndi adani ake. Zilipo njira zofatsa zimene alimi ena amatsata, monga kuyenda molunjika pomwe tambala waima kuti akupatseni njira, kusabwerera m'mbuyo akakuopsezani, kapena kumunyamula m'khwapa kwa mphindi zingapo nkhuku zinzake zikuona. Njirazi nthawi zina zimathandizadi, koma zimangokonza za pakati pa tambalayo ndi munthu wamkulu amene akuzichitayo. Ulemu umene tambala amapereka kwa bambo sufika kwa mwana, ndipo mwana wazaka ziwiri sangadzipezere yekha ulemu umenewo. Apa ndiye pagona nkhani yonse. Kumbukiraninso kuti lamulo la dziko lino loteteza nyama, Animals Protection Act la 1962, limaletsa kuzunza chiweto chilichonse, nkhuku yomwe, ndipo a bungwe loteteza nyama la SPCA ali ndi mphamvu zofufuza madandaulo otere. Kwa ife amene tili m'dziko la eni, mlandu wotere si wofunika kuuputa.

Ena adzakuuzani kuti mungodula zisonga za kumiyendo zija. Chisonga chili ndi fupa m'kati mwake, ndipo kupala nsonga yake ndi tupa kuti ibunthe n'kothandiza poteteza misana ya mathadzi, koma kudula mozama kumapweteka ndipo kumatulutsa magazi ambiri. Ndiponso chimameranso, mtima wa tambala susintha, ndipo mlomo, zikhadabo ndi mapiko zimatsala. Pa miyezi 8 zisonga za tambala wanu zikadali zazifupi, koma chaka chamawa zidzakhala zitatalika ndi kuthwa. Za kumufula musaziganizire n'komwe, chifukwa ziwalo zoberekera za tambala zili m'kati mwa mimba, ndipo imeneyo ndi opaleshoni yeniyeni yosayenera kuchitikira pakhomo.

Mu 2019 madokotala a ku Adelaide ku Australia analemba za mayi wazaka 76 amene anamwalira atajomphedwa ndi tambala wake pamtsempha wotupa wa kumwendo pamene ankatolera mazira, magazi n'kutuluka osaleka. Mu 2022 ku Ireland bambo wina amene anali kale ndi vuto la mtima anamwalira atabayidwa kumwendo ndi tambala wamtundu wa Brahma, mtundu umene umatchuka kuti ndi wofatsa, ndipo pofufuza za imfayo zinamveka kuti tambalayo anali ataukirapo kale mwana. Imfa zotere n'zosowa kwambiri, ndipo chimene ndimaopera ana kwenikweni ndi diso ndi zipsera za kumaso. Komabe nkhani ya ku Ireland ikukhudza funso lanu pawiri, chifukwa ikuonetsa kuti dzina la mtundu si chitsimikizo, ndiponso kuti tambala amene waukirapo kamodzi amadzabwerezanso. Ngati mwaganiza zomupereka kwa wina, muuzeni zoona zonse, ndipo musamupereke pakhomo pamene pali ana kapena agogo okalamba. Ine malangizo anga ndi oti aphedwe mwachangu ndi mpeni wakuthwa, akhale ndiwo. Palibe chankhanza kapena chochititsa manyazi pamenepa, ndipo pali phindu lina loti sakusiyirani mbewu yake, pakuti mbali ina ya ukali ndi yakumtundu. Cha m'ma 2000, Suzanne Millman ndi Ian Duncan a ku yunivesite ya Guelph ku Canada anaonetsa kuti atambala a mitundu yobereketsa nkhuku zanyama ankachitira nkhanza mathadzi kuposa atambala a mitundu ya mazira, zomwe zikusonyeza kuti khalidwe limayenda m'magazi.

Musanathamangire kugula wina, dzifunseni ngati tambala akufunikadi pakhomo panu panopa. Ambiri timakhulupirira kuti thadzi silingaikire popanda tambala, koma si zoona, ndipo nkhuku za m'mafamu akuluakulu zimene mazira ake timagula m'mashopu sizionana ndi tambala. Tambala amafunika pokhapokha ngati mukufuna anapiye, ndipo ngakhale anapiyewo mungawapeze popanda kusunga tambala chaka chonse. Thadzi likayamba kufungatira, mutha kugula mazira ambewu kwa mlimi wina n'kuliikira, ndipo pakatha masiku 21 lidzaswa n'kulera anapiyewo ngati ake. Muthanso kubwereka tambala wathanzi kwa mnansi wodalirika kuti akhale m'khola lotseka kwa sabata imodzi kapena ziwiri, chifukwa thadzi likakweredwa limasunga mbewu m'thupi, ndipo mazira ake amakhala oti angaswe anapiye kwa masiku 10 mpaka 14, nthawi zina kupitirira apo. Pakhomo pamene pali mwana wazaka ziwiri, njira imene ine ndingasankhe ndi yosunga mathadzi okhaokha mpaka wamng'onoyo atafika msinkhu woyamba sukulu. Chimene mungataye ndi ulonda, pakuti tambala wabwino amachenjeza gulu ndi kulira kwamtundu wina akaona mphamba m'mwamba ndi kwamtundu winanso akaona galu pansi, koma waya wolimba ndi neti pamwamba pa khola zimagwira ntchito imeneyo.

Ngati mwatsimikiza mtima kuti tambala akhalepo, mitundu yolemera thupi ndi imene kawirikawiri imakhala yodekha. Umodzi mukuudziwa kale. Ndi nkhuku yakuda ija imene kwathu timaitcha Mikolongwe, chifukwa boma linkaigawa kuchokera ku famu ya Mikolongwe ku Chiradzulu pofuna kukweza nkhuku zachikuda. Mukamaifuna kuno muzitchula Black Australorp. Inachokera ku Australia, komwe anaikonza kuchokera ku Orpington ya ku England, ndipo Orpington yomweyo, pamodzi ndi Cochin ndi Brahma, imadziwika ndi kufatsa. Dziwani kuti tambala wa Brahma amafika makilogalamu 5, kotero akapezeka wolusa, kwa mwana amakhala woopsa kwambiri. Kwa munthu wokhala pa puloti ku Gauteng, ine ndimayamba kutchula Potchefstroom Koekoek, nkhuku yamawangamawanga akuda ndi oyera imene inakonzedwa m'zaka za m'ma 1960 ku koleji ya zaulimi ya Potchefstroom posakaniza Black Australorp, White Leghorn ndi Barred Plymouth Rock. Imapirira chisanu cha kuno, imadzipalasira chakudya, mathadzi ake amafungatira bwino, imapezeka mosavuta, ndipo atambala ake ambiri ndi odekha. Silkie, kankhuku kanthenga zofewa kaja, n'kofatsa kwambiri, koma mazira ake ndi ang'onoang'ono ndipo khungu ndi nyama yake n'zakuda, zomwe anthu ambiri a kwathu sazikonda m'mbale.

Pali mitundu ina imene ndingaipewe pakhomo la ana. Atambala a Rhode Island Red amadandaulidwa kwambiri ndi alimi pa nkhani ya ukali, ngakhale mathadzi ake amaikira bwino. Ovambo, yochokera kumpoto kwa Namibia, imadziwika kuti ndi yachangu ndi yolusa mpaka kugwira mbewa, ndipo Boschveld, yomwe ndi yosakaniza Venda, Matabele ndi Ovambo, ndi nkhuku yolimba yoyenera malo aakulu, koma osati kangodya kopanikizika. Mitundu imene inawetedwa chifukwa cha ndewu, monga Shamo, Asil ndi Malay, ndi yamphamvu mopitirira zimene banja lingafune. Musanyengedwenso ndi kuchepa thupi, chifukwa timatambala ta bantam tina timalusa kuposa akuluakulu. Za nkhuku zosakanizika wamba, zachikuda kapena za kameta, palibe lamulo lililonse, ndipo muyenera kuona tambala mmodzimmodzi.

Ndipotu kuona tambala mmodzimmodzi ndiko kofunika kuposa mayina onse ndatchulawa, chifukwa mwa anapiye oswedwa tsiku limodzi ndi thadzi limodzi mutha kutuluka wofatsa ndi wolusa. Choncho musagulenso tambala wamng'ono. Funani amene wapitirira chaka, makamaka wa chaka ndi theka kapena zaka ziwiri, amene wadutsa kale nyengo ya ukali ndipo khalidwe lake ladziwika. Msinkhu wake mungauganizire poona chisonga, chifukwa cha wamng'ono chimakhala kachotupa chabe kosasongoka, pamene cha wamkulu chimakhala chitatalika ndi kuyamba kupindika. Musagule poona chithunzi pa Facebook kapena pa WhatsApp, ndiponso musagule m'timakola ta waya ta m'mbali mwa msewu kapena pokwerera matakisi, chifukwa tambala amene wapanikizidwa padzuwa tsiku lonse amaoneka wofatsa chifukwa cha kutopa, ludzu ndi mantha. Pitani kumene akukhala, mukamuone ali pakati pa akazi ake, ndipo ana muwasiye kunyumba.

Mukafika kumeneko, musanayang'ane tambala yambani mwayang'ana mwini wake. Ngati akutola ndodo, tsache kapena chidebe asanatsegule chitseko cha khola, kapena akuyenda m'kholamo osalola kufulatira tambalayo, mwayankhidwa kale ndipo mutha kutsanzika. Mufunseni chifukwa chimene akugulitsira, ngati pakhomopo pali ana, ngati anawo amalowa m'kholamo, ndipo pemphani kuona bambo wake wa tambalayo ngati akadalipo. Kenaka lowani nokha, mutavala nsapato zotseka ndi chovala chofika kumapazi. Tambala amene mukumufuna ndi amene amakuonani n'kusuntha mosathamanga kukupatsani njira, mathadzi ali kumbuyo kwake. Amene akubwera kudzakuchingamirani pachitseko chifuwa chili patsogolo si wabwino, ngakhale mwini wake atanena kuti ndi wozolowera anthu. Mwazani chimanga chodzaza dzanja ndipo muonetsetse. Tambala wamakhalidwe amatola njere, kuigwetsa, kuitolanso, akuitana mathadzi ndi timawu tofulumira tapansipansi, ndipo iye amadya pambuyo, pamene wankhanza amapirikitsa akazi ake pachakudya. Nyonyomalani kuti mufanane msinkhu ndi mwana, nkhope mutaitchinga ndi mkono, kenaka imirirani, mumufulatire ndi kuyenda pang'onopang'ono bambo a kunyumba akukuonerani. Pomaliza pemphani mwini wake agwire thadzi limodzi mpaka lilire. Tambala wabwino adzadandaula ndi kuyandikira kudzaona, chifukwa umenewo ndi udindo wake, koma sadzadumpha. Onaninso misana ndi mitu ya mathadzi, ndipo ngati yathothoka nthenga kapena ili ndi zilonda, ndiye kuti mwina tambalayo ndi wankhanza kapena mathadzi amuchepera.

Pa nkhani ya kuchepa imeneyi, tambala mmodzi amakwanira mathadzi 8 mpaka 12. Anu 6 ndi ochepa kwa tambala wamng'ono wamagazi otentha, koma kwa wamkulu wamtundu wolemera angakwanire. Musaonjezepo wachiwiri. Akuluakulu anati atambala awiri salira m'khola limodzi, ndipo pabwalo laling'ono ndewu ya awiriwo imathera pa aliyense amene ali pafupi.

Mukabwera naye tambala watsopano, akhale payekha kwa masabata atatu kapena anayi, kutali ndi nkhuku zanu, mukuona ngati akuyetsemula, akutsegula m'mimba kapena ali ndi utitiri, ndipo funsani wogulitsayo ngati anapatsidwa katemera wa chitopa. Mukukumbukira chimfine cha mbalame cha 2023, chimene chinakantha kwambiri Gauteng mpaka nkhuku mamiliyoni kuphedwa ndi mazira kusowa m'mashopu, ndipo nkhuku yachilendo ndi njira imodzi imene matenda amalowera m'khola. Masabata amenewa akupatsaninso mpata womuphunzira. Pitirizani kumuyang'anitsitsa ngakhale atasakanizidwa ndi mathadzi, chifukwa tambala mlendo amadzichepetsa masiku oyamba, ndipo mtima wake weniweni umaoneka akazolowera malo ndi kuona kuti akaziwo ndi ake. Wina aliyense asamunyamule kapena kumudyetsa m'manja.

Ngakhale mutapeza wofatsa chotani, pakati pa iye ndi mwana wazaka ziwiri payenera kukhala waya. Mpanda wotalika mamita 1.8, wokhala ndi chitseko chotsekera pamwamba pomwe mwana sangafikire, ndi wotchipa pouyerekeza ndi ulendo wa kuchipatala cha maso. Nkhuku muzizitsegulira pamene ana ali m'nyumba kapena munthu wamkulu ali pomwepo, ndipo ntchito yoyang'anira wamng'onoyo musaipereke kwa mkulu wake wazaka zisanu. Wazaka zisanuyo muphunzitseni kuti asamapirikitse nkhuku, asamagwire thadzi tambala ali pafupi, asamayandikitse nkhope ku nkhuku iliyonse, ndipo tambala akamuyandikira aime nji, ayang'ane komwe kuli tambalayo ndi kukuitanani m'malo mothawa. Kutolera mazira azichita ali ndi inu. Bungwe la zaumoyo la ku America la CDC limalangiza kuti ana osakwana zaka 5 asamagwire nkhuku kapena anapiye n'komwe, chifukwa cha tizilombo ta Salmonella timene timayambitsa kutsegula m'mimba koopsa mwa ana aang'ono, choncho kusamba m'manja ndi sopo pochokera kukhola kukhale lamulo la pakhomo. Wamng'onoyo akamaopa nkhuku masiku ano, musamukakamize kuziyandikira kapena kumuseka.

Malamulo a zaumoyo a mzinda wa Johannesburg, Public Health By-laws a 2004, ali ndi gawo la kasungidwe ka nkhuku ndipo amafuna chilolezo nkhuku zikachuluka, komanso anansi ali ndi ufulu wokadandaula za phokoso ku ofesi ya Environmental Health. Pa puloti zimenezi sizivuta kwenikweni, koma owerenga amene akuchita lendi ku Cosmo City, Rosettenville kapena Diepsloot ayambe afunsa eni nyumba asanabweretse tambala. Kwa inu chofunika kudziwa n'chakuti malamulo a kuno amatha kuika mlandu pa mwini chiweto chikavulaza munthu ngakhale mwiniyo sanachite dala, ndipo tambala akadzajompha mwana wa abwana kapena wa mlendo, ntchito ndi malo okhala zingakhale pachiswe. Mfundo imeneyi mukaifotokoze kwa bambo a kunyumba pamene mukukambirana.

Ngati mudzafuna kuswetsa anapiye a tambala watsopanoyo, dikirani masabata atatu kuchokera tsiku limene wolusayo wachoka musanayambe kusunga mazira ofungatiritsa, chifukwa mbewu yake imakhala ikadali m'matupi a mathadzi. Mazira a masiku amenewo ndi abwinobwino kudya. Ndipo mwa anapiye amene adzaswedwe, pafupifupi theka adzakhala atambala, choncho gwirizanani ndi bambo kuti amenewo azidzadyedwa kapena kugulitsidwa asanakwane miyezi isanu.